Laputopu Yobedwa Theka

M'mayiko asanu ndi anayi amene a Pasipoti anapondamo, palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene anawagulitsapo chinthu chabodza. Ankanena okha zimenezi, ndipo ankazinena tsiku lililonse. Anayamba n'kugulitsa maloko pathireyi m'mbali mwa msewu, lero ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ndi malole awiri. Dzina lawoli linachokera ku mapasipoti atatu odzaza ndi zidindo amene ankasunga m'dirowa ya kauntala, kuti wokayika aliyense adzionere yekha.

"Ine katundu ndimamva kupuma kwake," ankatero akudzigunda pachifuwa. "Wondinamiza ine adzuke m'mawa, koma adzapeza ndasamba kale."

Lachitatu limenelo akuyeza misomali pasikelo, alamu awo, mwamuna wa mlongo wawo, analowa osapereka moni n'kuika chikwama chakuda pakauntala. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamkazi, maso ali psuu. Mtsikanayu a Pasipoti ankamutchula kuti Injiniya, chifukwa Lachisanu likubweralo m'mawa ankayenera kukwera basi kupita kuyunivesite kukaphunzira zomanga milatho.

"Katundu wanu uyu, alamu."

"Wanga bwanji? Si laputopu ya Injiniya imeneyi?"

"Munationetsa ina, mwatipatsa ina. Ine ndinagulitsa njinga yamoto. Mlongo wanu wasoka mayunifolomu miyezi itatu. Zotsalazo zili kuti?"

Makasitomala awiri amene ankasankha mahinjesi anasiya kusankha.

"Amalume," anatero Injiniya mwachifatse, "Lolemba pogula paja inkaonetsa magiga 16. Lero ikuonetsa 8. Mpira wa pakompyuta uja ukudzandira ngati woledzera. Pulogalamu yojambulira mapulani ija ikangotsegula, zonse zikuuma gwa."

Apa a Pasipoti anamva kutentha m'makutu, chifukwa laputopuyo anasankha ndi iwo, ndipo anaisankha mwaluso. Lolemba, kwa mayi wogulitsa makompyuta, pakauntala panali zitatu. Yoyamba inali yatsopano, yonyezimira, yotsika mtengo, koma ya magiga anayi okha. Anaikankhira kumbali n'kunena kuti ndi suti yokongola yovala munthu wodwala. Yachiwiri inali ya akatswiri a masewera, yoyaka magetsi amitundumitundu ngati malo omwera mowa, mtengo wake wa njinga zamoto ziwiri. Yachitatu inali yakale ya mu ofesi, yokalika pakona, koma ya magiga 16 ndi batire lokhala maola anayi. Anamuuza Injiniya kuti atsegule mapulani ake ndi mpira wake nthawi imodzi, iwo n'kuika khutu pamene pamatulukira mpweya kwa theka la ola. Sinatenthe, sinalire. Imeneyo ndiyo analipira, ndalama zonse za banja, osatsala ndi ya basi yomwe.

Anatseka dirowa, n'kutenga makiyi a lole.

"Alamu, mwanditukwana pamaso pa anthu. Ndasunga. Kwerani kutsogolo, tikaone amene wadya theka la laputopu ya mwana."

* * *

Mayi wogulitsa makompyuta anali munthu wa pakamwa posachedwa. Atangowaona pakhomo anaseka.

"Bambo a maulendo! Mwabwera kudzandiphunzitsanso ntchito yanga?"

"Ndabwera ndi mlandu, mayi. Katundu wanu waonda m'masiku awiri."

Mayiyo anayatsa laputopuyo, n'kuona nambala ija, kuseka konse n'kutha. Anaitembenuza chagada.

"Inu, bambo wolusa inu, bwerani pafupi. Mwana, ndiwe mboni. Lolemba nditamaliza kukuonetsani zam'kati, ndinatani?"

"Munapaka utoto wa zikhadabo pamasikuluu onse," anayankha Injiniya.

"Wofiira, uwu uli kuzala kwangawu. Makina alionse otuluka muno ndimawapaka, chifukwa anthu amakaba okha kunyumba n'kubwera kudzandilirira. Taonani tsono."

Pamasikuluu onse asanu ndi atatu utoto unali wosweka.

Anamasula chivundikiro. M'kati munali malo awiri oikamo timatabwa tobiriwira, totalika ngati chala, timene amatitcha ramu. Pamalo amodzi kanalipo. Pena panali pululu.

"Tinali tiwiri, ka magiga asanu ndi atatu kalikonse. Kamodzi kapita kokayenda."

"Mwina munachotsa nokha musanapake utotowo," anatero alamu, koma mawu awo anali atayamba kufewa.

"Ndichotse pamaso pa awa? Bambo amene anandiwerengetsa mabatani onse a kiyibodi? Ndinatuluka thukuta ine Lolemba!"

A Pasipoti anakhosomola mokondwa, koma maso awo anali pamasikuluu. Anatola kamodzi n'kukayang'ana kowala.

"Mitu yake sinakalike. Mpeni wa kukhitchini sumasula chonchi. Uyu ndi munthu wa zida zake, wozolowera." Kenako anayendetsa chala pansi pa chivundikiro, chala n'kukakamira. "Nanga apa munamatapo chiyani, mayi?"

"Ine sindimata kanthu."

Panali kamalo kamakona anayi konanda, pamene panali tepi yomwe wina anaimatula.

"Ndawaona amisiri a mafoni m'misika ya mayiko ambiri," anatero a Pasipoti. "Onse ndi amodzi. Katundu akabwera amamata tepi n'kulembapo mwini wake. Laputopu iyi inagonekedwa pabenchi ya mmisiri. Koma miyendo ilibe. Wina anainyamula."

"Kena ngati kameneka ndili nako kamodzi kokha," anatero mayiyo. "Zikwi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndikusungirani mpaka mawa, kupitirira apo musandidandaule."

Alamu anayang'ana pansi. Ndalama imeneyo m'nyumba mwawo munalibe.

* * *

M'lole, a Pasipoti sanalize injini. Anaika laputopu pamiyendo.

"Injiniya, kuyambira Lolemba. Usadumphe kanthu."

"Titafika kunyumba ndinasewera mpira mpaka amayi anandikalipira. Inali bwinobwino. Dzulo m'mawa ndinaitsekera m'kabati ya zovala, n'kupita kuchipatala kukadindisa mafomu a kusukulu. Mzere wake, amalume! Ndinabwera cha m'ma thuu koloko, ndinaipeza momwemo, koma sindinaiyatse chifukwa tinali kuchapa. Ndayatsa lero m'mawa."

"Kabatiyo inathyoledwa?"

"Ayi."

"Makiyi ali ndi yani?"

"Ine, adadi ndi amayi."

A Pasipoti anatembenukira kwa alamu awo. Alamuwo, amene ntchito yawo inali yoika mapaipi a madzi, anadzutsa mapewa.

"Mukuti ine? Ndimubere mwana wanga?"

"Inu mwati ine ndamubera mwana wa mlongo wanga, ndipo sindinakomoke. Yankhani."

"Sikisi koloko ndinali kale m'ngalande. Kufikira madzulo. Funsani kapitawo, funsani anthu khumi. Makiyi anga ndi awa, sachoka palamba."

"Mlendo aliyense anabwera?"

"Palibe," anatero Injiniya. "Amayi anatseka nyumba n'kupita kushopu kwawo monga mwa masiku onse."

A Pasipoti anatsitsa galasi kuti dzuwa lilowe, n'kupendeketsa laputopu ija. Paja pamene panali tepi, ulimbo wotsalawo unali utagwira timaulusi tating'onoting'ono. Anakanda ndi chikhadabo n'kutiika pachikhatho. Tinali tobiriwira moderako, ta nsalu yolimba, yodulidwa kumene.

Mtundu umenewo ankaudziwa. Mpukutu wake ananyamula okha palole yomweyi miyezi itatu yapitayo, kwaulere, ndipo anauza tauni yonse kuti ananyamula kwaulere.

Anafumbata chikhatho. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Alamu, tsikani mubwerere kuntchito, angakuduleni tsiku. Dzuwa lisanalowe mumva."

"Mwaona chiyani?"

"Ndati tsikani."

* * *

Shopu ya mlongo wawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsapato: makina awiri osokera, tebulo lodulirapo, ndi masiketi a yunifolomu obiriwira atapachikidwa mpaka kudenga. Mayiyo anali ndi mapini pakamwa. Ataona mchimwene wawo, mwana wawo ndi chikwama chakuda chija, analavulira mapiniwo m'dzanja limodzi ndi limodzi.

"Achimwene, mwabwera ndi mphepo yanji?"

"Ndabwera kudzakuona, mlongo. Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Dzulo m'mawa unatsegula nthawi yanji?"

"Nthawi yake."

"Wa nsapato pakhomopa akuti unatsegula cha m'ma leveni. Akuti makolo atatu anadikira mpaka kutopa."

Wa nsapatoyo a Pasipoti anali asanamufunse n'komwe, koma nyambo imeneyi inawagwirirapo ntchito pamalire ambiri. Mlongo wawo sanatsutse. Anayamba kusalaza nsalu imene inali yosalala kale.

A Pasipoti anatambasula chikhatho patebulo, pafupi ndi zidutswa za yunifolomu. Timaulusi tija tinasowa pakati pa tinzake.

"Unaikulunga m'nsalu kuti isakalike. Ngakhale poba, iwe umasamala katundu."

"Sindinabe!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka wa nsapato anasuzumira. "Ndibe chinthu chimene ndachisokera mpaka msana kuuma? Ndinangopita nayo kuti akaikonze."

"Amayi," anatero Injiniya, "inawonongeka pati?"

Mayiwo anakhala pampando wa makina. Poyankha sankayang'ana mwana wawo, ankayang'ana singano.

"Mayi wina amene ndimamusokera, mwana wake anapita kuyunivesite chaka chatha. Mnyamata wanzeru ngati iwe. Anayamba masewera a mpira apafoni. Fizi yonse inathera momwemo, lero ali pakhomo, akuopa ndi kutuluka komwe. Ndiye Lolemba ndikumva iwe m'chipinda ukukuwa kuti chagoletsa, chagoletsa, amalume ako akuombera m'manja kuti makina abwino ndi othamangitsa mpira. Ine mtima unangoti phwii. Ndinati mwana wanga ndamugulira ndekha njuga."

"Amayi, uja ankabetcha! Amaika ndalama pamatimu enieni. Wangawu ndi mpira wa zidole, sulowa ndalama, sutuluka ndalama. Uli ngati bawo."

"Ine ndidziwa bwanji? Zonse mumati masewera."

Kunena zoona, a Pasipoti anali atakonza kale mawu ambiri okalankhula akagwira wakubayo, ena a m'zinenero zakunja. Onse anawameza. Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi mlongo wawo.

"Unapita nayo kwa yani?"

"Kwa wokonza mafoni wa pansi pa masitepe mumsika. Amene anandikonzera foni itagwera m'madzi."

"Unamuuza kuti chiyani? Mawu ake enieni."

"Ndinati, bambo, muchotsemo chimene chimaseweretsa masewera, musiye za sukulu zokhazokha. Anati ndi ntchito yovuta, ndipite ndikazungulire. Nditabwera anati zatheka, sadzaseweranso bwino. Ndinamulipira zikwi zisanu."

"Unamulipiranso!" A Pasipoti anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Anakupatsa chimene anachotsacho?"

"Chinalipo chopatsa? Ine ndimayesa amafufuta ngati nyimbo."

A Pasipoti anamenya tebulo lodulirapo ndi chikhatho.

"Mlongo, tebulo ili ndikalidula pakati, usoka bwanji diresi la ukwati?"

"Nsalu ingakwane pati?"

"Ndi zimene wachita munthu ameneyu. Kathabwa kamene wachotsako ndi tebulo la makinawa. Mpira umayalidwa pomwepo, milatho ya mwana imayalidwanso pomwepo. Wadula theka, waika m'thumba, iwe n'kumuthokoza."

Mayiwo anaika dzanja pakamwa. "Ndiye za sukulu zija…"

"Sizikutseguka, amayi."

Misozi inagwera pasiketi ya mwana wa eni ake. Injiniya anachotsa siketiyo bwinobwino, n'kukhala pansi atatsamira mawondo a mayi ake.

"Abambo ake anakunenani m'mawa, achimwene," anatero mayiwo pomaliza. "Ndinamva akutuluka, ndinasowa poyambira."

"Zisiye. Tinena kuti wakuba ndi mmisiri, basi. Dzina lako lisatuluke."

Anazinena ndi mtima wonse, ngakhale zinkawawawa ngati dzino, chifukwa nkhani yokoma chonchi, ya timaulusi pachikhatho, ikanawakwanira zaka khumi pakauntala.

Koma mlongo wawo anapukuta maso n'kutenga foni. "Ayi. Munthu wanyozedwa chifukwa cha ine." Anaimbira mwamuna wawo, n'kufotokoza zonse osadumpha, ataimirira ngati ali m'khoti. Kenako anapereka foniyo kwa mchimwene wawo.

Kumbali inayo kunali phokoso la mafosholo, kenako kupuma.

"Alamu," anatero mawu aja. "Pakamwa panatsogola."

"Panatsogoladi, mpaka panafika ine ndisanadye. Koma musadandaule, ine ndinatukwanidwapo ndi akuluakulu a kasitomu m'zinenero zinayi. Mukaweruka mudutse kusitolo, mukanene zomwezi pamaso pa anthu a mahinjesi aja."

Mlongo wawo anali atavala kale nsapato. M'thumba la epuloni anaikamo sizasi yaikulu, mwa chizolowezi chabe, koma a Pasipoti anaitulutsa n'kuibwezera patebulo.

* * *

Wokonza mafoni uja anali ndi kabenchi pansi pa masitepe a msika, kodzaza ndi mafoni ong'ambika, iliyonse ili ndi katepi koyera kumsana. Anthu asanu ankadikira. A Pasipoti anauza mlongo wawo ndi Injiniya kuti aime kuseri kwa chipilala, iwo n'kuika laputopu pabenchi.

"Bwana mkubwa! Takulandirani. Chavuta n'chiyani, sikirini, batire? Pano timadzutsa ndi zakufa zomwe."

"Makina awa munawaonapo?"

Mmisiriyo anayang'ana mwachidule. "Awa? Mphezi indiwombe, lero ndi loyamba."

A Pasipoti anatola mpukutu wa tepi pabenchipo, anadula kachidutswa ndi mano, n'kukaika pamalo onanda paja. Kanakwana ndendende, m'lifupi ndi m'mbali.

"Tepi ili paliponse, bwana. Dziko lonse limagula tepi."

"Zoona. Mlongo, tabwera."

Mayi aja atatulukira, nkhope ya mmisiriyo inasintha kawiri, kenako inakhazikika pa kumwetulira.

"Aa, amayi atelala! Mukanayamba ndi pamenepo. Mafoni ndi ambiri, mutu umodzi. Eya, ndinagwira ntchito yawo. Ndipo ndinagwira monga anandiuzira. Amayi, nenani pamaso pa Mulungu, munati ndichotse masewera kapena chimene chimaseweretsa masewera?"

"Ndinati chimene chimaseweretsa."

"Mwamva, bwana? Masewera ndikanafufuta, mtsikanayu akanawabwezeretsa mphindi khumi. Chimene chimaseweretsa ndi ramu. Ine ndi munthu womvera kasitomala."

A Pasipoti anaseka mpaka anagwira chipilala. Wakuba wa nzeru ankamukonda, monga mlenje amakondera nyama yothamanga.

"Mwanawe, ukanakhala loya bwenzi uli ndi nyumba yosanja. Chabwino, unamvera. Tsono telala akafupikitsa thalauza, chidutswa chotsalacho chimakhala cha yani?"

"Cha mwini thalauza," anayankha mlongo wawo msangamsanga. "Ndimachiika m'thumba mwake."

"Bweretsa chidutswa chathu."

Mmisiriyo anatsegula dirowa, anatseka, anatsegula ina. "Kanali kotha kale, bwana. Ndinataya."

"Kali m'laputopu ya mphunzitsi wina," anatero bambo wachikulire amene anali pamzere. "Dzulo masana ndinali pompano kudikira foni yangayi. Munati mwangolandira kuchokera kunja."

Apa a Pasipoti anatembenukira kumsika wonse, n'kutulutsa mawu aja amene ankaitanira makasitomala a maloko kutsidya la msewu wa magalimoto anayi.

"Abale anga! Aliyense amene anasiyapo foni pabenchi iyi, akafika kunyumba aiwerenge matumbo! Pano amachita opaleshoni ya mutu, munthu n'kutuluka alibe impso!"

"Bwana, bwana, chonde, tsitsani mawu!" Anthu awiri anali atatola kale mafoni awo pabenchi. Azimayi ogulitsa mapoto anayamba kuyandikira. "Tikambirane ngati anthu. Ndili ndi ana, lendi ya benchi yakwera…"

"Uyunso ndi mwana," anatero mayi aja. Sanakweze mawu. "Lachisanu akupita kusukulu. Ine sindidziwa za makina, n'chifukwa chake ndinabwera kwa inu. Munaona kuti sindidziwa."

Mmisiriyo anayang'ana mayiwo, anayang'ana gulu, kenako anawerama n'kutulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa benchi.

"Ndinagulitsa makumi atatu."

"Kogula n'makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu," anatero a Pasipoti. "Kusiyanako ndi fizi yako, waphunzira kanthu lero."

Anawerengera m'dzanja la mayiwo, pepala limodzi limodzi, akunyambita chala, ndipo zomalizira anachita kukokota m'thumba la malaya. Atatha anatseka chitini n'kupumira m'mwamba.

Dzanja lija silinachoke.

"Amayi, zakwana."

"Zisanu zanga zija. Za ntchito yovuta."

Gulu linaphulika kuseka. Mmisiriyo anabwereka kwa mnzake wogulitsa machaja, n'kuika pamwamba.

Mayiwo anawerenganso okha, mosathamanga, n'kupinda ndalamazo monga amapindira za mayunifolomu. Kenako anaziika m'dzanja la mwana wawo n'kulifumbatitsa.

"Thamanga kwa mayi wa makompyuta asanatseke. Zisanuzo ukadye panjira Lachisanu. Zonse pamodzi ndi zikwi makumi anayi ndi zitatu, usataye ndi imodzi yomwe."